Andipumitsa Ntchito Kachiwiri

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndinalondera geti la kampani ku Makata,
chibonga m'khwapa, chikhoti chonunkha utsi.
Pondipumitsa anandipatsa wotchi ya pakhoma
ndi kalata yolakwitsa dzina langa.

Kenaka Asiyatu, chitsirizira wanga,
anagula makina osefa madzi
n'kuwapachika m'kashopu kake ku Bangwe:
mitsuko itatu yoyera, pamzere ngati ana a sukulu,
pamwamba pake chipaipi chonenepa
chobisa nembanemba yosalola ngakhale mchere kudutsa.
Ndinati, mchere n'kugwidwa ndi sefa?
Anati, Baba, lawani.
Ndinalawa. Sindinayankhulenso.

Koma madzi a kuno amafika atatopa.
Achoka ku Shire, akwera mapiri usiku wonse,
pofika kwathu ali wefuwefu,
kudontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine.
Nembanemba imafuna kukankhidwa,
iwo ankangoima pakhomo, odi, odi, osalowa.
Malita anayi kungalande, limodzi m'thanki.
Nayo thanki sinkadziwa kunena kuti basi.
M'mawa wina tinapeza makatoni akusambira,
buku la ngongole litafufuma ngati mandasi,
mayina a onse otikongola atasungunuka.

Ndiye ndinalembedwanso ntchito, popanda kalata.
Thu koloko usiku, mpando wa pulasitiki, tochi,
khutu pa thanki ngati namwino pachifuwa cha wodwala,
dzanja pa mpopi.
Ndinkadziwa mawu ake ikakhala theka,
ndinkadziwa akayamba kupyapyala ikamafika m'khosi.

Loweruka kunabwera mnyamata wa a Namakhwa, Lupiya,
pensulo kukhutu, zida m'chikwama cha sukulu,
ndi pampu yomwe anagula ku Limbe,
yosaposa theka la buledi.
Anadula paipi yabuluu, n'kukulunga tepi yoyera kasanu,
akuwerenga ndi milomo.
Swichi iyi, akuti, imamva madzi akathawa
kuti pampu isameze mphepo n'kupsa.
Inayi imamva thanki ikakhuta.
Ndipo aka, kavalavu ka makomo anayi,
kochepa ngati bokosi la machesi,
ndiko katseke njira.
Koyamba anasemphanitsa mapaipi,
madzi anamuwaza m'maso, anatukwana m'Chilomwe,
Asiyatu anaseka mpaka kugwira khoma.
Kachiwiri, singano ya geji
yomwe inkagona chafufumimba chaka chonse
inadzuka, inanjenjemera, inaima njo.
Ngalande inachepa mawu.
Thanki inayamba kuyimba nyimbo yomwe sindinkaidziwa.

Usiku umenewo ndinapitabe.
Musandifunse chifukwa.
Agalu a kwa Mvula akukuwa, magetsi a Limbe ali psuu kumunsi,
pampu ikung'ung'udza ngati njuchi m'botolo.
Ndinamva madzi akukwera, mimba, nthiti, khosi,
ndinadzuka, bondo linalira,
dzanja langa lili m'njira kupita ku mpopi,
ndiye
thi!
Zii.
Palibe anakhudza kanthu.
Dzanja linatsala m'malere
ngati la munthu wopereka moni kwa wosamuona.

Mnzanga wa bokosi la machesi,
sumwa tiyi, susinza, supempha adivansi,
sudzaikidwa m'madzi ndi bwana mwezi ukatha.
Ndakugonjera. Geti ndi lako.

Asiyatu akuti, Baba, tsopano muzigona.
Wandigulira bulangete la mizere,
wachotsa mpando uja, waikapo mabotolo.
Makasitomala achuluka, ndowa sizidikiranso,
buku latsopano la ngongole n'louma.

Koma thu koloko ikakwana maso amatseguka okha.
Wotchi ya ku Makata ikutafuna mdima pakhoma.
Ndimatunga kapu imodzi ya madzi a mwana wanga,
madzi opanda dzimbiri, opanda mchere, opanda nkhani,
ndimamwa pang'onopang'ono nditaima pazenera,
kumvetsera kutsidya kwa msewu
ngati mwina, usiku umodzi wokha,
kanthu kaja kangaiwale
n'kundifuna.