Masiku Atatu ku Kachulu

Ndinapempha masiku atatu okha.
Pa fomu ndinalemba kuti kumudzi kwagwa maliro,
chonsecho sikunamwalire munthu
kupatula kamwana ka pa bedi lachisanu ndi chiwiri,
kamene sikanali kanga,
kamene ndinakakulunga m'chitenje cha amake
Lachiwiri usiku, magetsi atathima.

Yunifolomu ndinaisiya m'beseni ku Chinamwali.
Pa Matawale ndinakwera lole ya matumba a mchere,
phiri la Zomba likutsalira m'mbuyo
ngati apongozi operekeza mlendo chapatali.
Pofika pa Govala fumbi linali litandidzola nkhope ina.

Kachulu sanandiimbire nthungululu.
Anandilonjera ndi fungo la matemba pa thandala,
ntchentche, wailesi ya mabatire ofooka,
ndi mnyamata wotchaja mafoni pa sola
amene anandiyang'ana kawiri nditamuuza kuti,
yangayi isiye, igone.
Chipinda chinali ndi neti yobooka
ndi kalendala ya chaka chatha.
Ndinagona tulo tosadzutsidwa ndi belu.

M'mawa Che Likaka anakankha bwato ndi nsungwi.
Anati, Chilwa sitimupalasa, mayi,
timayenda naye ndi ndodo ngati nkhalamba.
Tinalowa m'njedza, m'tinjira todziwa iye yekha,
tikudutsa zimbowera zoyandama,
munthu akutsuka m'kamwa pakhomo la nyumba yopanda nthaka.

Anawerenga mitsinje ndi zala:
Domasi, Thondwe, Phalombe, Likangala.
Yonse imathira muno, wotulukamo palibe,
n'chifukwa chake madziwa ali ndi kamchere.
Likangala!
Yemwe uja wodutsa kufupi ndi chipatala,
amene ndimamuyang'ana ndikaweruka ya usiku.
Ndalipira lole kuti ndimuthawe,
iye anafika kale, wakhala phee, akundidikira.
Ndinaviika chala, ndinalawa,
sindinanene kanthu mpaka ku Chisi.

Kumeneko, pansi pa mlambe,
Abiti Sumani ankawamba milamba, maso ali psuu ndi utsi.
Anati chaka chimene nyanja inaphwa
anapita ku Kachulu wapansi,
matope atang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe,
mabwato atagona chafufumimba, mbuzi zikukwerapo.
Ndinafunsa, ndiye munatani?
Anati tinkamata mabwatowo phula.
Madzi kulibe?
Eya. Anabwera okha, osapepesa n'komwe.

Ndinali nditalumbira kuti kuno sindine namwino,
ndine Esinta chabe, mlendo wodzaona mbalame.
Koma mdzukulu wawo anabwera akutsimphina,
mbedza italowa m'chidendene,
ndipo manja angawa, osandifunsa,
anaitanitsa madzi owira, mchere ndi lezala latsopano.
Mwanayo anandiluma pa mkono.
Anandiluma zolimba, ndi mano a munthu wamoyo,
ndipo ndinaseka mpaka misozi,
kenako misozi inapitirira yokha, kuseka kutatha.
Abiti Sumani sanafunse.
Anatembenuza nsomba zawo.

Ndinabwera kudzafunsa ngati ndisiye ntchito.
Nyanja sinayankhe.
Akakowa anaima ndi mwendo umodzi, osalowerera za eni.
Tsiku lachitatu ndinangokhala pa doko
n'kumaonerera anthu akukangana mtengo wa chidebe,
mayi wina akumanga ndalama pa nsonga ya mpango,
njinga zikusenza madengu oposa eni ake.

Lole yobwerera inanyamula nsomba, ine pamwamba,
kaphukusi ka matemba a malipiro kali pa miyendo.
Phiri linakula pang'onopang'ono mpaka kudzaza maso.
Nditayatsa foni, mauthenga khumi ndi anayi:
asisitala, mwininyumba, amayi,
ndi wina wondipepesa maliro.

Yunifolomu ndinaipeza momwe muja,
madzi atachita thovu, akununkha.
Ndinawataya m'ngalande, apite kwa Likangala.
Ndinatunga ena.
Ndinachapa kolala kawiri,
mano a mwana uja akuonekabe pa mkono,
ndipo ndinayanika pa waya,
ngakhale kumwamba kunali mitambo.