Chipata Chosatseka

Zaka makumi atatu pansi pa mtengo wa mango ku Kapata
ndakhala ndikumiza machubu m'beseni
kusaka pamene mpweya ukuthawira.
Tithovu tikatumphuka, mlandu wadziwika:
kupala, guluu, chigamba, pita bwino mwanawe,
makasitomala akudikira ku Mwami.
Valavu ikafooka sindinkainyengerera.
Ndinkaimasula, kuiponya m'chitini, kumanga ina.

Lero valavu yofooka ndine.

Chichokereni ku opaleshoni ija ya mwezi wa Juni,
atachotsa chotupa chinkatsekera mkodzo njira,
njira inatseguka, inde,
koma mlonda wa pakhomo sanadzukenso.
Ndikatsokomola, dontho.
Ndikagadamiza njinga, dontho.
Anyamata opalasa akaponya nthabwala
ndimaluma mlomo ngati ndamva zovuta,
poti kuseka masiku ano ndimalipira ndi buluku.

Mzinda uno dzina lake ndi Chipata.
Changa chokha sichitseka.

Kutchalitchi ndinasiya benchi ya akulu a mpingo,
ndimakhala pafupi ndi chitseko, ati ndikufuna kamphepo.
NaJere amang'amba zitenje zakale usiku,
kuzipinda patatu, osanena kanthu,
m'mamawa n'kuziyanika kuseri
kumene maso a m'Mchini safikako.
Tiyi ndimamwa theka la kapu.
Ulendo ndimauyeza ndi zimbudzi:
cha pamsika makwacha awiri,
cha pa depoti chimakhala chokhoma.

Lamulungu lapitali kunabwera Tikambenji
kuchokera kusukulu yake ya unamwino,
foni yosweka galasi ili m'manja.
Anayang'ana pa chingwe cha kuseri, kenako pansi.
Mwana samufunsa bambo wake zotere.
Anangoti: Atate, kutali kuli anthu akuyesa chinthu.
Amatapa kanyama kochepa ngati njere ya mpunga
pa ntchafu ya wodwala mwini wake,
n'kusankhamo maselo,
kuwalera m'timbale tagalasi, pamalo ofunda,
masabata angapo, mpaka achuluke.
Akatero amawabaya pakhomo pa chikhodzodzo
kuti mnofu wotopawo upeze oupokera ntchito.

Ndinati: imeneyo ndi nazale,
ngati ya fodya kwa amalume ako ku Chipangali,
kufesa, kuthirira, kuwokera.
Anaseka, ine ndinaluma mlomo.
Anati: akadali kafukufuku, atate.
Ena zimawathandiza, ena ayi,
ndipo kuno sizinafike.
Musakalengeze pamsika kuti mankhwala apezeka.

Atapita ndinakhala pakhonde, ndinapinda buluku,
ndinayang'ana ntchafu zangazi.
Zinakwezapo matumba atatu a mtedza pa chitunda cha Kanjala,
zinafikitsa NaJere kuchipatala ali ndi pakati, mvula ili pamsana.
Kani muli mbewu m'menemu?
Aliyense wa ntchito yanga amadziwa:
chigamba cha m'sitolo chimamatuka dzuwa likaswa mtengo,
chogwira ndi chija wadula pa chubu chakale,
labala pa labala mnzake.
Ophunzirawo afika mochedwa pa nzeru ya pa Kapata.

Kaya zidzandipeza ndili moyo.
Basi ya ku Lusaka imachedwa, nanji iyi.
Mwina adzakwera ndi mnyamata uja wa jekete yofiira
amene lero amandiseka kuti adala saseka.

Pakali pano Tikambenji wandisiyira ntchito:
finyani ngati mukuletsa mpweya pagulu,
werengani mpaka zisanu, tayani, yambaninso.
Ndimafinya ndikupopa tayala,
ndimafinya ndikubweza chenji,
palibe akudziwa kuti m'kati mwa ovolosi
nkhalamba ikugogoda pakhomo pa mlonda wake.

Dzulo ndinayetsemula kawiri.
Koyamba, dontho.
Kachiwiri ndinaima, spanala m'manja, kudikira,
osamva kanthu.
Sindinauze munthu.
Ndinangomiza chubu cha mwana wa a Tonga m'beseni
n'kuchizunguliza pang'onopang'ono,
maso pa madzi.