Yakana Kulira

Pa M'baluku, dzuwa lisanakwiye,
Pijo ya Che Twaibu yatsokomola kawiri, kenako zii.
Madengu a usipa akudikira msika wa ku Namwera.

Ndapala dzimbiri pa batire ndi msomali,
nyali zayaka.
Mapulagi ndapukuta ndi malaya angawa,
moto ukuthetheka bwinobwino.
Sitata ikupukusa, ikupukusa,
injini yangouma khosi
ngati wangongole atamva kugogoda.

Ndayamwa paipi ya petulo.
Mkamwa mwangolowa mpweya wotentha.

"Che Twaibu, mafuta munathira liti?"
"Dzulo! Taonani geji!"
Muvi uli pomwe unaima
chaka chimene anakwatira.

Kuseri kwa boneti, mwana wawo Jafali,
njinga yake ya kabaza ikulira mokhuta,
akuimba mluzu, maso kumwamba.