Ndowa ya Chiperoni

Asiyatu, bweza theka la gagayo m'thumba.
Ndikudziwa, wakuyang'ana ndi maso a mwana wamasiye,
wagwetsa mlomo, wapalasa pansi ndi chiboda.
Ngwabodza ameneyu. Wadya kale mmamawa.

Thupi lonseli, lalitali ngati chitseko cha tchalitchi,
chifu chake sichiposa kandowa kotungira madzi.
Ndipo chalowa chalowa.
Kavalo sasanza.
Galu akadya zoipa amakazitaya kuseri kwa nyumba,
uyu amagubuduka nazo, kudziluma m'nthiti.

Ndinaziona chaka chomwe anadula paini wa ku Mulunguzi.
Ndinali wamsinkhu wako, mtima wofewa ngati wakowu.
Tambala anabwera kuchokera ku Chingwe thukuta lili kamukamu,
atasenza mlendo wonenepa tsiku lonse.
Ndinati ndimuthokoze.
Ndinadzaza ndowa mpaka pakamwa.

Usiku wonse ndinayenda naye m'nkhungu,
tochi kumano, chingwe kumanja,
kuzungulira khola, kumupempha asagone.
Dokotala anakwera phiri kutacha.
Anangovula chipewa.

Ndiye udzu poyamba, mwanawe. Udzu, kenako udzunso.
Azibudula pang'onopang'ono ngati wosoka mphasa,
nsagwada zisakhale pa ulova.
Madzi amwe asanadye, ndipo m'mwezi wa Juni
uviikemo chala: akaluma iwe, iye sawakhudza.
Gaga aliyense wochokera kuchigayo cha ku Matawale
uyambe wamununkhiza. Wachuku taya, ngakhale bwana adandaule mtengo.
Mchere usasowe pamtanda paja.
Ukafuna kusintha chakudya, chita mozemba,
kadzanja lero, kadzanja mawa,
mimba isadziwe kuti wainyenga.

Chiperoni mano anatha, wakalamba.
Zake uzinyika zifewe,
uimirire pompo kufikira amalize,
poti anyamatawa amamulanda.

Alendo adzabwera ndi shuga m'matumba a jekete.
Uwamwetulire, uwapatse karoti mmodzi, mmodzi yekha.

Bwera kuno. Yendetsa chikhatho apa.
Nthiti uzimve ndi dzanja, usazione ndi maso.
Tsopano tsamiritsa khutu pamimbapo. Usaope.
Wamva?
Kuguruma ngati lole yamatabwa ikukwera ku Chawe m'giya yoyamba?
Zikatero kagone, zinthu zili bwino.

Tsiku lomwe udzamve zii m'menemo,
usadikire kuti kuche.
Udzandigogodere ngakhale pakati pa usiku.
Nsapato zanga zimagona pakhomo.