Masamba Atatu Omaliza

Tionenji anandibwereka buku lopanda chikuto
pa Kulima Tawa, Lachiwiri, mitambo itadera.
"Umu muli maliro," anatero.
"Mlonda wa banki wapezeka m'chitsime,
makiyi ali m'thumba, nsapato imodzi palibe.
Usadzandiimbire usiku kufunsa kuti wapha ndani."

Ine ndinamupatsa langa lachikondi,
lija la namwino ndi dalaivala wa lole ya makala
olemberana makalata kuseri kwa malisiti.
Anakwinya mphuno.
"Zachikondi ine zinandikwana kale ndi bambo a mwanayu."
Koma analilowetsa m'chikwama, pansi pa matimati.

M'minibasi ya ku Chilenje ndinakhala pa mpando wopinda,
bondo la munthu likundibaya kumsana,
ine ndili m'chitsime ndi mlonda uja.
Lekani, kondakitala, anasuzumira paphewa panga:
"Amayi, zimenezo n'zochepa.
Langa ndikuwerenga lili ndi mzinda pansi pa mtsinje,
kumene ndalama ndi maloto,
ndipo mphawi ndi munthu wogona tulo tofa nato.
Mfumukazi yake ili ndi mapiko a mleme, imaopa ana."
Anafotokoza mpaka pa Kabwata,
naiwala kuitanira anthu,
naiwalanso chenji yanga.

Kunyumba magetsi anali atapita kwawo.
Ndinayatsa tochi ya foni, batire ili pa naini,
mwana akupuma mofatsa pambali panga.
Ndinakayikira mkazi wa mlondayo:
amalira mokweza, maso ali gwa.
Kenako abusa, chifukwa cha matope ku thalauza.
Kenako wosoka nsapato wapakona,
munthu wosayankhula ndiye amandiopsa ine.
Udzudzu unandidya akakolo, sindinaumenye.
Wapolisi anasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi,
natseka chitseko,
natukula chala, nati wakupha uja ndi

Basi.
Ulusi wokhawokha pamsana pa buku.
Masamba atatu omaliza munthu anathothola.

Ndinaimba. Inali itadutsa thwelofu.
Tionenji anaseka mpaka kutsokomola.
"Inenso sindidziwa, mwana wa amayi!
Ndinaligula lili choncho ku Soweto,
pakati pa mabatire ndi mankhwala a makoswe.
Tembenuza, uone kuseri."
Ndinaunika: maina, ndi zolembera zosiyanasiyana.
Mutinta wa ku saluni akuti mkazi wake.
Namakau akuti abusa, wadula mizere iwiri pansi.
Wina wosasaina akuti anagwamo yekha, ataledzera,
tisiye kunamizira anthu.
"Lembapo lako," anatero, "ndiye mtengo wa bukulo."

Kenako chete. Ndinamva akufwenthera.
"Koma iwe, namwino uja,
kalata ija yagwera m'makala, aipeza?
Usandiuze.
Ndiuze pang'ono.
Ayi, ndikuti usandiuze!"
Foni inazima yokha, kutiweruza.

M'mawa pa siteshoni ndinagula mtedza wokazinga
wokulungidwa m'pepala la zilembo zing'onozing'ono.
Mtima unagunda.
Ndinakhuthulira mtedzawo m'dzanja,
ndinawongola pepalalo pantchafu, mosamala ngati bala.
Anali mayeso a masamu a giredi seveni:
sitima ziwiri zanyamuka nthawi yosiyana,
zikumana kuti?
Nazonso sindinadziwe.

Lekani anandiona ndisanamuone.
Anatulutsa m'jekete mzinda wake wa pansi pa mtsinje,
wonunkha dizilo, wopindika ngodya,
pamwamba pake makobidi anga a dzulo.
Ndinamupatsa mlonda wa m'chitsime,
dzina langa lili mmunsi mwa la Namakau,
moyang'anana ndi wosoka nsapato.
"Limatha bwino?" anafunsa, phazi lili kale pakhomo la basi.

Ndinatafuna mtedza.
"Uli ndi cholembera?" ndinatero.