Bowo la Njenjete

Chaka chachinayi tsopano tili pa kachidutswa komweka,
ine ndi a Pulofesa Dendrinos,
m'chipinda chapansi cha laibulale ina ku Atene,
m'mene dzuwa limangopondamo phazi limodzi n'kubwerera.
Gumbwa wake ndi wouma ngati khoko la anyezi.
Sitimukhudza. Ngakhale kupuma timapumira kumbali.

Mzere wachisanu ndi chiwiri umati:
Imfa ya amene umamukonda, kenako bowo, kenako choipa.
Njenjete inadya pakatipo kalekale,
inasiya malo oti njere ya khofi n'kukwanamo,
zilembo ziwiri, mwina zitatu zothinana.
Si choipa? Ndi choipa?

A Dendrinos ndi mwana wa Astoiki,
aja ankaphunzitsira pakhonde la kumsika.
Kwa iwo choipa ndi chokhacho chokhotetsa mtima wako.
Malungo, ngongole, maliro,
zonsezo ndi matalala a padenga:
phokoso lambiri, koma wa m'nyumba sanyowa.
"Ndi si ameneyo," ankatero, akugogoda tebulo ndi chala.
"Lemba, Evanthia. Ukudikira chiyani?"

Ine ndinaleredwa ndi okayika,
aja ankaika mfundo m'mbale iyi ya sikelo,
inzake m'mbale inayo,
zikalingana n'kuchotsapo manja,
n'kupita kukagula nsomba mtima uli zii.
Ndinkati, "Bwanji ngati wolembayo ankatsutsa a pakhondewo?
Bwanji ngati anali ataika mwana dzulo lake?"
Tinkakangana mpaka khofi kuzizira,
mpaka mlonda kugwedeza makiyi pakhomo.

Mu Novembala foni yawo inalira tili pamzere womwewo.
Anamvetsera. Anati, "Chabwino, ndikubwera."
Anavindikira galasi lokuzira zilembo ndi kansalu kake,
anakankhira mpando pansi pa tebulo bwinobwino,
n'kuiwala jekete.
Mayi Polyxeni, zaka makumi anayi ndi chimodzi m'nyumba imodzi.

Anabwera patatha masiku asanu ndi anayi
atanyamula tirigu wophika wa pachikumbutso,
wothira shuga ndi makangaza, m'kathumba ka pepala.
Tinadyera panja, pamasitepe, poti mkati saloleza chakudya.
Nkhunda zinatizungulira ngati zili ndi ngongole yathu.
Sanalire. Malaya anali atamangidwa mabatani mophonya,
limodzi lotsala m'khosi lopanda bowo lake.

Titatsikira pansi anatenga galasi lija.
Linkanjenjemera, zilembo n'kumasambira.
Anandipatsa.
"Maso anga atopa. Iwe ukuona chiyani?"

M'mphepete mwa bowolo muli kamchira ka inki,
kochepa kuposa mwendo wa nyerere.
Zaka zinayi ndakhala ndikunena kuti sikatiuza kanthu.
Tsiku limenelo ndinafuna kuti kalankhule.
Ndinafuna kunama, ine wosavomera msanga,
kuwauza kuti si, Pulofesa, si weniweni,
munkanena zoona, denga lanu silidontha.
Koma ndinaonanso batani lija,
ndipo sindinadziwe ngati ndi sakanawapepuza koposa,
kuti wina, zaka zikwi ziwiri zapitazo,
anawaloleza kale kumva kuwawa.

Mbale ziwiri zinalingana.
Mtendere umene okayika analonjeza sunabwere.
Kunabwera kulira kwa basi mumsewu wa pamwamba pathu
ndi fungo la makangaza m'zala zanga.

"Sindikudziwa," ndinatero.
Anagwedeza mutu nthawi yaitali.
"Nanenso," anatero. Aka kanali koyamba.

Buku lathu linatuluka chilimwe chathachi.
Patsamba la makumi asanu ndi limodzi
pali timadontho titatu pakati pa mawu awiri,
ndipo m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono,
maganizo awo, maganizo anga, mayina a ena amene anayesapo.
Wotiunika wina analemba kuti tinachita mantha.
A Dendrinos anadula ndemangayo ndi sizasi
n'kuiika m'thumba la jekete lija.
Lolemba lililonse amabwerabe,
amavundukula galasi, amawerama,
ndipo timayamba mzere wachisanu ndi chitatu.