Khutu la Nkhosa

Usiku wa maliro a Tormod, mlongo wanga,
mphepo ya kunyanja ikumenya mazenera a pachilumba cha Lewis,
akulu ampingo awiri anatseka khomo la khitchini
ndi majekete awo akuda onunkha mvula.
Ine ndinali pasinki ndi makapu makumi atatu.

Uisdean anati: Amene Mulungu wamugwira, wamugwira.
Dzanja limenelo silichita dzanzi.
Ngati Tormod anagwa mpaka kugweratu,
ndiye kuti sanakhalemo m'dzanjamo chiyambire.
Ankangoimba.

Ankangoimba!
Munthu wotsogolera salimo m'Chigaeliki zaka khumi ndi zisanu,
iye patsogolo ndi mzere, mpingo pambuyo ngati funde,
mpaka amayi a ku Ness kupukuta misozi ndi magolovesi.

Ruairidh, amene anabwerako ku Canada ndi maganizo ena,
anagwetsa supuni m'sosala.
Iyayi, anali wamoyo, tonse tinamumva.
Nthambi yaiwisi imathyoka n'kuuma.
Munthu atha kulandira mphatso ndi manja awiri
n'kukaitaya yekha padoko.

Wina akumulanda dzulo lake, wina mawa lake.

Palibe anatchula Calum, mwana wake,
amene boti linabwerera popanda iye Novembala uja.
Chichokereni tsikulo Tormod sanapondenso m'tchalitchi.
Lamulungu ankadzitsekera m'shedi,
kusoka misampha ya nkhanu anthu akupemphera.

Ndikanawauza za nkhosa yathu ija
inasowa kumadambo zaka zitatu.
Utoto wofiira wa pamsana mvula inali itatsuka,
ubweya ukukwekwereka m'matope,
koma khutu lamanzere linali ndi mipata iwiri
imene bambo anadula ndi mpeni wawo.
Ndikanawauzanso za zina zija tinangopeza mafupa,
makutu atadya akhwangwala,
mwini wake osadziwika.

Ndinangotsuka makapu.

Sabata yatha, m'chipatala ku Stornoway,
milomo yake inkagwedera.
Ndinawerama, khutu pakamwa pake.
Kaya linali salimo,
kaya dzina la mwana uja,
kaya ankangofuna madzi.
Ndinamupatsa madzi.

Pano akutsegulirana mavesi,
chala apa, chala apo,
tiyi wachita kuyanga pamwamba.
Koma mawa onse awiri adzagwira zingwe,
wina kumutu, wina kumiyendo,
pamchenga wa manda a m'mbali mwa nyanja,
ndipo adzayenera kutsitsa limodzi, pang'onopang'ono,
akuyang'anana manja,
kuti bokosi lisapendekeke.